Udzu Umene Ndidagawa Malata Asadafike

Uthengawo udandipeza ndili ndi mtolo pamutu. Eee, ana inu, mtolo wa udzu pamutu, mwana kumbuyo, zenga m'manja, ndikuchokera kudambo nsalu yonse itanyowa ndi mame. Ndidangomva a Nankhoma, mayi wachikulire wa nyumba yoyandikana ndi yanga, akukuwa ali pamwamba pa chulu:

"Amake Tereza! Amake Tereza inu! Tulani udzuwo, mwasenza zokwana! Kwabwera kalata ya ku Halale!"

Mtolo ndidauponya pansi, phuu! Ndidaliyatsa liwiro, Tereza akungodumpha kumsanaku, akuseka, akuyesa ndi masewera. Pakhomo pa a Yonasi padali patadzaza kale anthu. A Yonasiwo adali atsibweni a agogo anu aamuna, a Lufeyo, ndiye eni mbumba pamudzipo. Kalata iliyonse ya mwana wa pamudzi inkafikira m'manja mwawo. Koma kuwerenga sankadziwa. Wowerenga adali a Zakeyo, nkhalamba yomwe idapita kunkhondo n'kubwerako ndi bondo lopweteka ndiponso magalasi omanga ndi ulusi.

A Zakeyo adakhosomola kaye, kenaka adayamba: "Atsibweni, ine ndili bwino, kaya inu kumeneko. Ndagula malata. Abwera pa lole mpaka pa Msundwe, mukawatenge pa ngolo. Mufolere nyumba ya mkazi wanga Nabanda mvula isadagwe, kuti mwana wanga asamanyowe."

"Bwerezani, agogo," ndidatero ine.

Adabwereza.

"Bwerezaninso pali dzina langapo."

Anthu onse adafa nacho chiseko. A Zakeyo adati, "Mayi inu, mundithera maso." Koma adabwerezabe. Ine basi nthungululu, fumbi koboo, nyimbo yangobwera yokha pakamwa:

Malata, malata, ndigona m'malata,
mvula ikabwera ndiiseka ine,
ndiiseka ine, Nabanda!

Mukuseka eti? Sekani. Inu mudabadwa malata ali paliponse, ngakhale pakhola la nkhumba. Nthawi imeneyo mudzi wonse uja, ndi midzi ina yozungulira, malata tinkangowaona patchalitchi ndi pasitolo.

Sabata yathayi mwandikhomera malata panyumba pano, inu adzukulu anga, ndipo ndavina mpaka chiuno chadandaula, mwandiona nonse. Koma dzulo iwe Madalitso unafuna kuyatsa mitolo ya udzu ili pathandala kuseri kuja, uli, "Agogo, zinyalala izi n'zachiyaninso, zingoitana njoka." Ndinakulanda machesi, iwe nkhope n'kukwinya ngati watafuna bwemba. Ndiye lero ndatenga kope ndi pensulo. Zilembo zangazi n'za sukulu ya kwacha, zimayenda chopunduka ngati mwapalasa nkhuku, koma muziwerenga ndithu. Mukatha muone ngati mufunanso machesi.

Zidachitika zaka zija za Azungu, njala yaikulu itadutsa, mawu a chitaganya atayamba kumveka m'misika. Kwathu n'kuno ku Mpingu, koma a Lufeyo adanditenga chitengwa kupita kwawo, mudzi wina kufupi ndi Nsaru. Inu za chitengwa simuzidziwa, mumangotengana m'tauni ngati ogula tomato. Kale mwamuna ndiye ankabwera kwa mkazi kudzakhala mkamwini. Mkazi akapita kwa mwamuna ankatchedwa mtengwa. Mtengwa amatunga pachitsime cha pamudzi, amalima munda wa pamudzi, amalira maliro a pamudzi, koma pamudzipo si pake. Ine sindinkadziwa zimenezo. Ndidali kamtsikana kokonda kuimba, ndinkayesa aliyense wondisekerera ndi m'bale wanga.

A Lufeyo adandimangira nyumba ya makona anayi, n'kuifolera okha bwinobwino. Tereza ali m'mimba, iwo adanyamuka kukagwira ntchito ku Halale. Denga lija lidaona mvula zitatu popanda wolikhudza. Chiswe chidalowamo, makoswe adapangamo misewu, usana unkachita kuona dzuwa likudontha pamphasa timadontho timadontho. A Yonasi adati, "Mayi, inu mwetani udzu, amuna okwera padenga ndikupezerani ine."

Tsono mverani, poti inu mumayesa udzu ndi udzu basi. Udzu wofolera sumweteka tsiku lililonse. Nthawi yake ndi imodzi: mutakolola, kukuzizira, tchire lisadapse. Ukachedwa, osaka mbewa ayatsa moto, ndiye kwatha mpaka chaka chamawa. Ine ndidamweta miyezi iwiri. M'mawa uliwonse kudambo, zala zitauma ndi chisanu, m'manja mutang'ambikang'ambika, Tereza ndamugoneka pansalu pansi pa chitsamba. Mitolo yanga inkadziwika. Anthu akumeneko ankamanga ndi luzi, ine ndinkamanga ndi mlaza, womwe ndidachoka nawo kwathu kuti ndilukire mkeka, mfundo ziwiri zoyang'anana monga adandiphunzitsira amayi. A Nankhoma ankandiseka, "Taonani mitolo ya mtengwa, yovala mikanda ngati ikupita kuukwati!" Thandala lidadzaza, ina ndidaimika kuchipupa. Udali wokwana nyumba yonse ndi khitchini yomwe.

Ndiye kalata ija n'kubwera.

Patapita masiku atatu ndidaphika thobwa, mbiya ziwiri. Mudzi wonse udabwera pakhomo panga kudzasangalala nane. Tidavina, ana inu, tidavina! Ngakhale a Zakeyo adaiwala bondo. Dzuwa litapendeka, agogo a Nambewe, omwe adali akulu kuposa onse pamudzipo, opanda dzino ndi limodzi lomwe, adafwenkha fodya wawo wamphuno n'kuloza thandala ndi chibwano.

"Nanga udzu wonsewu, mwananga, udyetsa chiswe? Kanga kanyumba kaja kakudontha ngati dengu."

"Tengani, agogo!" ndidatero. "Tengani! Ine ndi udzu tasiyana lero!"

Pamenepo ndiye padayambira. A Nankhoma nawo, "Inenso khitchini yanga, amake Tereza." Tengani! Mlamu wanga Nelesi, mlongo wawo wa a Lufeyo, "Alamu, nkhokwe yanga ilibe chisoti." Tengani! Ndinkachita kuwasenzetsa ndekha, ndikuimba. A Zakeyo adandiyandikira n'kunena chapansipansi, "Siyaniko pang'ono, mayi. Malatawo akadali papepala." Ine ndidaseka, ndili, "Agogo, mwawerenga ndinu, katatu konse!" Adapukusa mutu. Kenaka nawonso adanyamula mitolo iwiri. Pofika madzulo pathandala padatsala tizinyenyeswa tokha, nkhuku zikupalasa.

Mwezi wotsatira tchire lidapsa. Ndidaima pakhomo ndikuonerera dambo lonse likuyaka, akabawi akuzungulira mu utsi, udzu ukulira thethethe. Ndipo mukudziwa chimene ndidachita? Ndidaomba m'manja. Ndidati ipsa, ipsa, sindikufunanso! Chitsiru cha munthu, agogo anu.

Kudatentha. Masamba atsopano adaphuka m'mitengo. Chizimalupsa chidagwa, kamvula koyamba kaja kongozimitsa phulusa la m'tchire, ndipo m'nyumba mwanga mudanyowa malo asanu. Malata zii. Tsiku lililonse ndinkapita kumphambano kukasuzumira njira ya ku Msundwe. Anthu adayamba kufolera nyumba zawo, ine ndikudutsa, ndikuona mlaza wanga uli mbwee pansi.

Ngolo idabwera mitambo itayamba kale kusonkhana, anthu atamaliza kugalauza. Ndidaimva isadaoneke: ngwe, ngwe, ngwe, malata akugundana. Ng'ombe ziwiri, yakuda ndi yamawanga, a Yonasi ali patsogolo ndi kamkwapulo. Malata akuwala ngati madzi. Ndidathamangira kukaichingamira, ndidavina kutsogolo kwa ng'ombe, ndidavina m'mbali, ndidayala nsalu yanga pansi kuti ng'ombe zipondepo. Tidafika pakhomo panga. Ine ndidaima. Ngolo siidaime.

Idapitirira, ngwe, ngwe, ngwe, mpaka pakhomo pa Nelesi.

Ndidadikira atsitse kaye. Kenaka ndidapita, ndidagwada patali monga mwa ulemu.

"Atsibweni, ngati ngolo yaphonya khomo."

A Yonasi sadali munthu waukali, musawaganizire choncho. Adali munthu wosekaseka, wa mawu ofewa, wokonda kugawira ana nzimbe. Adakhala pachitsa n'kuvula chipewa.

"Siidaphonye, mayi. Tamverani bwino. Udzu umaola, malata saola. Awa adzakhalapo ife tonse titapita. Inu ndinu mtengwa wathu, timakukondani, mumatisangalatsa ndi nyimbo. Koma mawa mukasemphana ndi Lufeyo mudzapita kwanu ku Mpingu. Nanga malata adzatsala ndi yani? Nelesi ndiye mlongo wake, ndiye mudzi uno. Chinthu chokhalitsa chimakhala kwa mbumba."

"Koma kalata ija idatchula dzina langa, atsibweni."

"Idatchula, tidamva tonse. Wolembayo ndi mwana, wakhalitsa kutali, waiwala za kwawo. Ndimuyankha ndine, musavutike."

"Nanga ine ndifolera chiyani? Mvula ndi iyi."

Adandiyang'ana modabwa, kaya kudabwa kwenikweni kaya kwabodza, mpaka lero sindidziwa.

"Aa, mayi, si mudamweta udzu wambiri chaka chino? Tonse tinkakuonani."

Ndidadzuka. Nsalu yanga ija idatsala panjira, ili ndi mapazi a ng'ombe.

Mvula idabwera, ndipo chaka chimenecho idabwera ndi mtima wonse. Tidadzala, tidapalira, kenaka kudagwa mvumbi, mvula ija yosadziwa kuleka, masiku ndi masiku kumwamba kuli bii. M'nyumba mwanga ndidatchera mbiya, mtsuko, phale, chipanda, mpaka chikho chomwera madzi. Paliponse tho, tho, tho. Pansi pomwe ndinkazira mokongola padasanduka matope. Mphasa idachita nkhungu. Nkhuni zikanyowa moto sugwira, umangofuka utsi, ndiye Tereza adayamba kakhosomo.

Masana, kukakanika kupita kumunda, achikulire ankasonkhana pakhonde pa agogo a Nambewe. Khonde lalikulu, louma, kamoto kali pakati, denga latsopano likununkhira dambo. Inenso ndinkapita komweko kuti mwana awothe. Ankandilandira bwino. "Fikani, fikani, amake Tereza, sendererani kumoto kuno. Mupatseni mwanayo malo." Ndipo macheza ake adali okoma, ana inu, ndisaname. Mukadakhalapo mukadaseka mpaka misozi.

A Zakeyo ankasisita bondo lawo. "Ili landiuza kuyambira m'mawa kuti lero sikucha. Bondo ili silinama, kuposa mlamu wanga."

"Bondo lanulo limalosera mvula ikugwa kale," a Nankhoma amatero. "Bwanji silidalosere chaka chija mphepo idanyamula chisoti cha nkhokwe yanu?"

"Lidalosera! Ine ndiye sindidamvere."

"Chidakatera kuti paja?"

"Pamwamba pa mbuzi za a Yonasi. Mbuzi zitatu zikuyenda ndi denga, miyendo yokha ikuoneka. Akazi anga adathawa, ali kwabwera chilombo!"

Tonse gwa, kuseka. Nanenso ndinkaseka, Tereza akukhosomola pachifuwa panga.

Tsiku lina adayamba kufunsana kuti chokoma kwambiri n'chiyani kunja kukamagwa mvula. A Zakeyo adati bulangeti lawo la kunkhondo, lija lonunkha utsi, kulifunda mpaka m'makutu. A Nankhoma adati ayi, inswa zokazinga zothira mchere, uzidya imodziimodzi ukuyang'ana madzi akuyenda pabwalo. Agogo a Nambewe adafwenkha fodya, adayetsemula, n'kupukuta mphuno.

"Nonse simudziwa kanthu. Chokoma ndi denga. Ugone chagada pamphasa youma, kunja kukuti waaa, iwe osamva ndi dontho limodzi lomwe. Udzu watsopano umaimeza mvula, umachita ngati ukukuimbira. Ine chaka chino ndagona ngati khanda. Mwana uyu amadziwa kumweta, udzu wake wautali, wosankha. Dalitsika, mwananga."

"Zoona," a Nankhoma adavomera. "Khitchini yanga chaka chino nkhuku zikuchita kukanganirana."

"Ndipo mudapulumuka, mayi," a Zakeyo adatero akundiyang'ana. "Malata aja si chinthu. Ndinapitako dzana kwa Nelesi mvula ikugwa. Phokoso! Ngati anthu khumi akusinja padenga. Ndikuti mwadzuka bwanji, iye akuti mbuzi zili kudambo."

Adasekanso. Ine ndidaona kuti mpata ndi womwewu. Mudziwe kuti chinthu chomwe wapereka ukuimba nthungululu suchiitanitsa, n'zochititsa manyazi, ndiponso mtengwa wotero amatchedwa wamwano. Ndiye ndidazungulira, mawu ndidawaveka nsalu.

"Agogo, kwathu kuja ndiye kulibe pogona. Pena paliponse pakudontha, mwanayu chifuwa sichikumusiya. Kaya pangakhale wina amene adatsalako ndi kamtolo kamodzi kapena tiwiri, ndingotseka pamwamba pa mphasa pokha."

Mvula yokha waaa.

Agogo a Nambewe adayang'ana kudenga. "Wanga wonse uli pamwambapa, mwananga. Ukadanena kale."

"Wanganso udatha," a Nankhoma adatero akusonkheza moto womwe unkayaka kale bwino.

A Zakeyo adati, "Mphasayo muisunthire kuchipupa cha kum'mawa, mphepo ya chaka chino ikuchokera uku. Ndipo mudule makoko a nthochi, musomeke m'malo modonthamo. Ife kunkhondo tinkagona pansi pa masamba, tili moyo mpaka lero."

"Ndasomeka kale, agogo. Akuola."

"Musomekenso ena. Mvula ya chaka chino ndi yamwano, koma idzatha. Kodi mtedza uja wapsa? Mupatseni mwanayo, taonani akuyang'ana."

Adamupatsa mtedza wokazinga m'kadzanja kake. Agogo a Nambewe adamusisita mutu, adamutcha mkazi mnzawo, mawa lake adamukumbira mizu ya chifuwa. Ankatikonda, ana inu. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chimenecho. Akadakhala anthu oipa ndikadawatukwana mumtima n'kupepukidwa. Koma adali anthu abwino, ocheza bwino, okhala pouma.

Tsono ndinene changa, poti ndikabisa ndiye kuti kope ili ndi labodza. Nelesi adabwera pakhomo panga tsiku lina atafunda thumba kumutu. Adaima pakhomo, adaona mbiya zanga zonse zili ndandanda pansi, manyazi adamugwira.

"Alamu, bwerani muzigona kwathu ndi mwanayu mpaka mvula ithe. Malo alipo."

Ine mtima udali utatupa. Ndidati, "Ndikagone pansi pa malata anga ngati mlendo? Ndiziti odi pakhomo pomwe kalata idatchula ine? Pitani, alamu, mungachedwe kukamvera nyimbo ya padenga panu."

Adapita. Sadabwerenso. Mawu amenewo ndidawalankhula ndine, palibe adandituma. Iwe Tadala, umati agogo sakwiya. Ndidakwiyapo kamodzi, ndipo kudakwana.

Mkuntho udabwera masana, patapita sabata. M'mawa kudacha bwino, dzuwa lidawala, ndidayanika mphasa ndi nsalu panja, ndikuti mwina tapuma. A Zakeyo adadutsa akutsimphina, ali, "Lowetsani izo, bondo lakana." Dzuwa litangopendeka kumwamba kudada ngati mwaphimba ndi mphika. Mphepo idayamba ndi kuwerama kwa chimanga, kenaka mitengo, kenaka ziphaliwali ng'ani ng'ani. Ndidalowa m'nyumba ndi mwana, ndidatseka chitseko n'kuchirikiza ndi mtondo. Ndidamva denga likupuma ngati ng'ombe. Kamodzi, kawiri. Kachitatu mbali yonse ya kumadzulo idanyamuka, pwaa, ndidangoona kumwamba. Matalala adalowa m'nyumba ngati akuponya munthu. Ndidakhala pangodya, Tereza ndamufungatira, lichero ndagwirizira pamutu pake. Lichero, ana inu. Ndilo lidali denga la mwana wanga tsiku limenelo.

Mvula itakata tonse tidali ngati otuluka mumtsinje. Mawa lake thupi la mwana lidali moto, tinthiti tikukokeka, mpweya ukulira khwee, khwee. Chibayo. Chipatala cha mishoni chidali kutsidya, mtsinje utadzaza mpaka m'minda, amuna omwe ankaopa kuwoloka. Pamenepo ndiye ndidaweramitsa mutu, ndidapita kwa Nelesi, ndidati odi. Sadandibwezere mawu anga aja. Adangoyala mphasa, n'kundipatsa nsalu yake youma.

Ndidagona m'malata, monga ndidaimbira.

Masiku awiri ndidakhala ndikumvetsera mpweya wa mwana. Ukamalira khwee, khwee, ndinkadziwa kuti alipo. Tsiku lachitatu, dzuwa lili pamutu, mvula idabweranso yamphamvu. A Zakeyo sadaname: ngati anthu khumi akusinja padenga. Sindinkamva kanthu. Ndidaika khutu pakamwa pa mwana, phokoso lokhalokha. Ndidakuwa kuti Nelesi, tamvera iwe, iye osandimva, ali pafupi ngati apa pali chitsekopa. Mvula italeka, m'nyumba mudati zii. Zii weniweni. Sindidziwa kuti adapita nthawi yanji, ali m'manja mwanga momwemu.

Maliro a mwana amatulukira m'nyumba ya make. Ndiye m'mawa mwake adamunyamula kupita naye kunyumba yanga ija ya denga lopanda mbali imodzi, kuti amayi akakhale m'menemo polira. A Yonasi adafika, adayang'ana kumwamba, mitambo ikubweranso, n'kunena, "Iyayi, amayi anyowa m'siwa muno. Amuna inu, kwerani."

Amuna adakwera. Ndipo udzu udabwera.

Udabwera, ana inu! Udachokera kuseri kwa nkhokwe ya agogo a Nambewe, komwe adauphimba bwinobwino kusungira chaka chamawa. Udachokera pamwamba pa khola la a Nankhoma. Udachokera m'chigafa cha fodya cha a Zakeyo, mitolo iwiri ija, yosamasula n'komwe. Wouma, wautali, wosankha. Ine ndili m'kati pafupi ndi mwana, ndikumva amuna akuponyerana mitolo, akufunsana luzi. Dzuwa lisadafike pamutu nyumba yonse idali itafoleredwa. Ntchito ya m'mawa umodzi.

Pamene tinkatuluka kupita kumanda ndidayang'ana pansi. Pakhomo ponse padali mlaza wodukaduka, mfundo ziwiri zoyang'anana.

Pobwera kumanda mvula idagwanso. Tidakhala m'nyumba muja amayi okhaokha, kunja kukuti waaa, fungo la dambo lili thoo. Agogo a Nambewe adandigwira dzanja, akulira zenizeni, misozi ili m'makwinya. Adayang'ana kumwamba n'kundinong'oneza kuti anditonthoze:

"Taona, mwananga. Lero sikukudontha."

Mitsinje itaphwa ndidamanga kamtolo kanga ka nsalu, ndidabwerera kuno ku Mpingu wapansi. Kumsana kudali kopepuka, ndinkangotembenuka. Agogo anu aamuna adabwera chaka chinacho ndi njinga ndi sutikesi. Kwa atsibweni awo sadakanene kanthu, nthawi imeneyo munthu sankatero. Adangobwera kuno, adakhala pachitsa apo, chipewa chili m'manja, tsiku lonse. Ine ndidati, "Ngati mukundifuna, mukhale kuno chikamwini. Ndipo denga langa muzifolera ndinu, ndi manja anu, osati ndi kalata." Adafolera. Chaka ndi chaka, mpaka tsitsi lidayera, mpaka tidachita kuwaletsa kukwera. Makolo anu onse adabadwira pansi pa udzu wouma. Za malata sadatchulenso, inenso sindidatchule.

Tsono malata anuwa ndawakonda, musamve molakwa. Ndawaimbira, ndawavinira, ndipo ndidikira ndione amene andiletse kuvinanso Lamulungu likubwerali. Mwaona kuti nthungululu sindinaimbe mpaka msomali womaliza utalowa, munkati agogo akudwala. Sindinkadwala, ndinkadikira. Koma mvula ikadzayamba kusinja pamwambapa, mukadzandiona ndatenga mphasa ndikupita kukhitchini ya udzu, musadzandiseke. Ndimafuna kumva anthu akupuma.

Ndipo mitolo ili pathandala ija muisiye. Ndimamwetabe pang'onopang'ono chaka chilichonse, ngakhale msana ukukana. Si ya ine. Mvula ikagwa ndimatenga ndodo yanga, ndimayenda m'mudzi muno ndikuyang'ana madenga. Pali atengwa ena muno, pali ena amuna awo ali ku Joni. Sindidikira kuti azungulire ndi mawu. Wamva, Madalitso? Njoka zikabwera, uziphe. Udzu usaukhudze.

Tadala wati ndilembe mayina a onse amene abwera kudzavina sabata ino, kuti tidzawathokoze kutchalitchi. Amenewo mukuwadziwa, lembani nokha, zilembo zanu n'zowongoka. Ine ndilemba a tsiku lija la thobwa, poti wowakumbukira ndatsala ndekha, ndipo ndikamamweta ndimawaimba mmodzimmodzi kuti zenga liziyenda.

Adabwera agogo a Nambewe, ndi kachitini kawo ka fodya. Adabwera a Nankhoma, oyamba kuimba nthungululu. Adabwera a Zakeyo, bondo ataliiwala kunyumba. Adabwera a Yonasi ndi akazi awo a Namwale, atanyamula nzimbe. Adabwera mlamu wanga Nelesi ndi amuna ake a Filipo, oimba ng'oma. Adabwera a Naphiri a kumphambano, a Dolika ndi amapasa awo, a Simoni osoka mphasa, a Nasiketi a kutsidya omwe adangomva ng'oma ali kuchitsime n'kusiya mtsuko komweko. Onsewo adabwera, onsewo adavina, onsewo adandifunira zabwino.

Ndi Tereza, kumsana kwanga, akuomba m'manja.